Masiki ya Atate Pawindo la Wodi

Chizindikiro choyamba chinali kusamva fungo. Linali Lolemba m'mawa, m'mwezi wa Juni, chaka chachiwiri cha mliri wa kolona, ndipo Kafue yense anali atazizira mpaka m'mafupa. Ndinali kusita mamasiki amene ndinasoka dzulo lake. Ndinasiya simbi pansalu n'kutembenuka kuti nditsokomole, chifukwa kukhosi kunali kukanda kuyambira pamene ndinadzuka. Atate ndiwo anakuwa ali kuchipinda kwawo kuti m'nyumba mukupsa chinthu. Nditayang'ana, mamasiki atatu anali atada bii, utsi ukundilowa m'maso, koma mphuno zanga sizinamve kanthu.

Dzina langa ndine Esinati, telala wa ku Kafue Estates. Agogo anga anachokera ku Ntcheu kalekale kudzafuna ntchito, koma ine ndinabadwira konkuno. Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka 47. Mwamuna wanga anamwalira kale, mwana wanga mmodzi yekhayo ali pabanja ku Kitwe, choncho m'nyumba tinali awiri, ine ndi atate, amene anapuma ntchito kufakitale ya feteleza. Atatewo anali ndi zaka 79 ndipo amadwala shuga. Amabayidwa jakisoni m'mawa ndi madzulo, koma maso awo sathanso kuona timizere ta pa sirinji, ndiye wobaya ndinali ine. Aliyense amene anali ndi wailesi ankadziwa chimene kolona amachita akapeza nkhalamba ya shuga. Inenso ndinkadziwa bwino lomwe.

Mliri utayamba, ntchito ya madiresi aukwati inafa, ndipo ndinayamba kusoka mamasiki. Anga anali a nsalu zitatu, osati tinsanza tija tinkagulitsidwa pasiteshoni, toti ukapuma timakulowa m'kamwa. Pakamwa ndili napo, sindikana. Ndinkakalipira anthu pamsika, m'minibasi ya ku Lusaka, ngakhale pakhomo la tchalitchi, aliyense amene ndamuona masiki ili kuchibwano, mpaka anthu anandipatsa dzina loti Amake Masiki. Mamasiki awiri okha sindinagulitse. Ndinawadula pachitenje cha malemu amayi, chachikasu chokhala ndi nkhanga zakuda, imodzi yanga, ina ya atate. Ya atate ndinaisokera zingwe zazitali zofiira zomangira kumbuyo, chifukwa lasitiki inkalimbana ndi magalasi awo kumakutu. Ankaichapa okha m'mawa uliwonse n'kuiyanika pachitsulo cha pawindo, ndipo sankalola munthu wina kuikhudza.

Koma Amake Masiki yemweyo ndi amene anaivula pamalo pamene inkafunika kwambiri. Sabata ya m'mbuyo mwake ndinali kumaliro a mwamuna wa mnzanga wa m'kwaya. Ndinalowa m'siwa nditavala bwinobwino. Azakhali a malemu, mayi wachikulire, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa ngati ndabwera kudzalira nawo kapena kudzanyansidwa nawo. Ndinachita manyazi. Ndinaitsitsira kuchibwano, ndinakumbatira namfedwa, ndipo tinaimba tsiku lonse mawindo ali otseka chifukwa cha mphepo. Palibe dokotala amene ananditsimikizira kuti ndinatengera pamenepo, koma mtima wanga umabwerera m'chipinda chimenecho mpaka lero.

Lolemba lija ndinadziwa kuti ndi kolona, koma ndinadziuza kuti ndi chimfine cha Juni. Lachiwiri thupi linatentha, msana ndi miyendo zikuphwanya, ndipo ndinati ndi malungo, popeza kwa ife a m'mbali mwa mtsinje malungo ndi mnansi. Ndinamwa mapiritsi otsala amene ndinawapeza m'kabati, osayezetsa. Lachitatu chifuwa chouma chinandigwira, choti ndikayamba kutsokomola ndinkachita kugwira khoma. Nshima inali ngati ndikutafuna nsalu. Ndinawiritsa masamba a bulugamu ndi mandimu, n'kufunda bulangete pamwamba pa mphikawo mpaka thukuta kamukamu, monga ankachitira aliyense masiku amenewo. Ndinkapeza bwino kwa ola limodzi, kenako zonse zinkabwerera.

Zifukwa zobisira ndinali nazo ziwiri, ndipo choyamba ndi chamanyazi. Ndinkaopa kusekedwa, kuti wa mamasiki uja wagwidwa, ndiye mamasiki akewo ngachabe. Chachiwiri chinali atate. Ndikagonekedwa m'chipatala, awabaya ndani? Ndani angalowe m'nyumba yodziwika kuti muli kolona? Ndinaganiza kuti ndikapirira sabata imodzi zidzatha zokha, popanda wina kudziwa.

Choncho ndinadzitsekera kuchipinda kwanga. Ndinkatuluka kawiri patsiku, mamasiki awiri kumaso, manja nditasamba ndi sopo mpaka kuyabwa. Ndinkawaphikira mwamsangamsanga, n'kuwabaya nditatembenuzira nkhope kumbali, ndikugwira mpweya. Koma nyumba zathu za ku Estates mukuzidziwa, munthu akayetsemula kuchipinda wa kukhitchini amati pepani. Atate ankabwera pachitseko n'kugogoda ndi ndodo yawo, akunena kuti chifuwa chimenechi si cha malungo. Ndinkawakalipira kuti achokepo, ndipo ankachoka akung'ung'udza. Anzanga akagogoda pageti ndinkayankhira pawindo kuti ndatanganidwa ndi zosoka. Masiku amenewo ndinkangogona n'kumamvetsera ndodo ija ikuyenda m'nyumba, ndipo atate akangokhosomola kamodzi kokha mtima wanga unkasiya kugunda. Ndinali m'ndende yomanga ndekha, kiyi ali m'manja mwanga.

Lachisanu, kuti ndifike kuchimbudzi ndinkachita kupuma kawiri panjira. Loweruka m'mawa, lomwe linali tsiku lachisanu ndi chimodzi, ndinatenga sirinji kuti ndikoke mankhwala a atate, koma timizere tija tinayamba kuvina m'maso mwanga. Ndinakhala pansi pakhitchini ndipo sindinathenso kudzuka. Ndinkakoka mpweya koma sunkafika pansi. Atate sanandifunsenso kanthu. Anamanga masiki yawo, anatenga chivindikiro cha poto ndi supuni, n'kupita pampanda kukachiimba mpaka Mutinta anatuluka. Mutinta ndi mnansi wathu, Mtonga wa ku Shimabala, amagulitsa repu ndi tomato pamsika, ndipo timapemphera mpingo umodzi.

Anaima pakhomo la khitchini atavala masiki imene ndinamusokera ndekha. "Ba Esinati, imwe! Mufuna kufela mu nyumba?" anatero. Ndinayesa kumuuza za jakisoni wa atate, koma mawu ankatuluka limodzilimodzi. Anandidula kuti, "Batate ni batate batu tonse. Tiyeni." Mkulu wina wa kumpingo amene ali ndi takisi anabwera, anatsitsa magalasi onse anayi ngakhale kunali kuzizira, ndipo anandinyamula.

Kuchipatala tinadikira m'tenti panja, aliyense pampando wake patalipatali, ena atawerama mitu ili m'maondo. Anandipana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya, ndipo nesi ataona nambala yake sanandibwezerenso pamzere. Anandilowetsa kamtengo kathonje m'mphuno mpaka misozi inatuluka. Zotsatira zinabwera dzuwa lisanapendeke, ndipo zinaonetsa kuti ndi kolona. Dokotala, amene ndinkangomuona maso okha chifukwa cha zovala zapulasitiki, anandifunsa tsiku limene ndinayamba kudwala. Nditamuuza, anati, "Mwachedwa, mayi, koma simunachedweretu." Anandigoneka tsiku lomwelo m'wodi ya amayi, kumbali imene anapatulira odwala kolona.

Bedi langa linali lakumapeto, pafupi ndi windo. Anandiika tipaipi ta okosijeni m'mphuno, tolumikizidwa ku silinda imene inaima kumutu kwa bedi. Monga telala ndinayeza paipiyo ndi maso, ndipo inali mamita awiri osakwana. Dziko langa lonse linathera pamenepo: bedi, ndowa, kakabati ndi windo. Ankatiyeza kutentha ndi mpweya m'mamawa, masana ndi madzulo. Ankatibaya pamimba ndi pamkono, n'kutiuza kuti tizigona chafufumimba maola ambiri kuti mapapo atseguke. Kugona chafufumimba ndi chifuwa ngati changa si masewera, khosi linkauma ndipo nkhope inkatupa. Alendo sankaloledwa. Chakudya chochokera kunyumba chinkasiyidwa pageti dzina litalembedwa pachivindikiro, ndipo chinkatipeza chitazizira. M'wodimo tinkalankhulana pang'ono, chifukwa mawu aliwonse ankadya mpweya. Chimene tinkamva tsiku lonse chinali kuwira kwa timabotolo ta madzi a pa masilinda ndi kutsokomola. Bedi lina likatchingidwa ndi nsalu, tonse tinkatembenukira kukhoma.

Windo langa linkayang'ana pabwalo laling'ono lokhala ndi mtengo wa mango. Tsidya lina la bwalolo kunali wodi ya abambo, ndipo kumapeto kwake kunali mpanda wa waya ndi kamsewu kafumbi. Ndinawerenga mawindo a wodi ya abambo mpaka ndinawaloweza, analipo asanu ndi awiri.

Foni ndinali nayo, koma atate alibe, amati ndi chinthu chowaphulitsa makutu. Ndinkaimbira Mutinta m'mawa uliwonse. Anandiuza kuti amayi a kumpingo agawana masiku ophikira atate, kuti amawasiyira chakudya pampando pakhonde, ndiponso kuti amayi Zulu, nesi wopuma ntchito wa m'mpingo mwathu, akubwera kawiri patsiku kudzawabaya pakhonde pomwepo ndi kuwayeza kutentha kwa thupi. Lamulungu ndi Lolemba Mutinta anawapatsa atate foni, ndipo anandikuwira m'khutu kuti ndiwo za amayi a kumpingo zilibe mchere. Ndinaseka mpaka kutsamwa. Koma Lachiwiri nditapempha kuti ndiwamve, Mutinta anati, "Bali bwino, bapumula chabe."

Mawu amenewo ndinawadziwa, chifukwa mphunzitsi wake ndine. Kumpingo kwathu ine ndinali mtsogoleri wa amayi ozonda odwala, ndipo lamulo lathu linali lakuti wodwala sauzidwa zoipa, kuopa kuti angaduke mtima. Chaka china mayi wina wa m'gulu lathu anali m'chipatala atachitidwa opaleshoni, mwamuna wake n'kumwalira kunyumba mwadzidzidzi. Ine ndinapita ndi phala kukakhala pabedi pake, ndinamuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti abambo ali bwino, akungopumula, akupereka moni. Tinaika maliro iye asakudziwa. Mutinta anali nane tsiku limenelo, ndipo tikutuluka ndinamuuza kuti chikondi chimatero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lachitatu m'mawa, nditatembenuka kuchoka chafufumimba, ndinayang'ana panja mwachizolowezi. Pawindo lachitatu la wodi ya abambo panali kansalu kachikasu katamangidwa pachitsulo, zingwe zofiira zikulendewera. Ndinapukuta m'maso. Mphepo inakatembenuza ndipo ndinaona nkhanga zakuda. Mamasiki a chitenje chimenecho analipo awiri padziko lonse, ndipo imodzi inali m'kakabati kanga.

Sindidziwa kuti ndinakuwa kapena ayi. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinaimirira, paipi ija inandikoka mphuno, ndipo ndinagwera pabedi. Atate anali mamita makumi awiri kuchokera pamene ndinali, akudwala matenda amene ndinawapatsa ine, ndipo ndinali womangidwa kusilinda ngati mbuzi pachikhomo. Ndinaimbira Mutinta n'kumutukwana ndi mpweya wochepa umene ndinali nawo. Anavomera. Anati Lachiwiri m'mawa amayi Zulu anapeza thupi la atate litatentha pang'ono. Atate anakana, anati ndi tiyi chabe amene anamwa, koma amayi Zulu sanamvere zimenezo, anaitana takisi ola lomwelo. Atate anapezeka nako kachilombo ka kolona, ndipo chifukwa cha zaka zawo ndi shuga anawagoneka. Amayi a kumpingo anakumana pansi pa mtengo n'kugwirizana kuti Esinati asauzidwe. Anatsatira lamulo langa mosaphonya.

Nesi wamkulu wa m'wodi yathu, amene tonse tinkangomutcha Sista, anali mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Ndinamupempha kuti andimasule ndikawaone atate mphindi zisanu zokha. Anakana, anati sindingafike ngakhale pakhomo. Koma anapita kukafunsa, n'kubwera kudzandiuza kuti akuwapatsa okosijeni wochepa, shuga akumuyang'anira, ndipo akukangana ndi anesi pa nkhani ya masiki. Anawapatsa yachipatala, iwo n'kumavala yawo pamwamba pake. Ndinatulutsa yanga m'kakabati ndipo Sista anaimangirira pachitsulo cha windo langa. Atate sakanaiona ndi maso awo aja, koma anesi a tsidya linalo anawauza kuti ilipo.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unali pawindo lachitatu. Kukacha, ndisanayezedwe n'komwe, ndinkadzutsa mutu. Kansalu kachikasu kakaoneka ndinkadziwa kuti adzuka, ali ndi mphamvu yochapa, ali moyo. Ndinkamwa phala, ndinkagona chafufumimba mosanyinyirika. Masana kakauma ankakachotsa, ndipo ine ndinkayambanso kudikira mawa. Lachinayi kanalipo, Lachisanu kanalipo, Loweruka kanachedwa mpaka ndinaluma pilo, koma kanatulukira. Ndinkapemphera pemphero limodzi lokha, loti ngati m'nyumba mwathu mukuyenera kutuluka maliro, akhale a amene anavula masiki m'siwa.

Lolemba la sabata yachiwiri linali tsiku langa loipa. Thupi linatenthanso, nambala ya mpweya inatsika, ndipo anandichotsa tipaipi n'kundiveka chipulasitiki chophimba mphuno ndi pakamwa chokhala ndi kathumba. M'mawa ndinakaona kansalu kaja, kenako tsiku lonse ndinali ngati ndili pansi pa madzi. Foni inalira kangapo koma sindinathe kuigwira. Lachiwiri kutacha mutu unapepuka, ndipo ndinayang'ana panja. Pawindo lachitatu panalibe kanthu. Ndinadikira anthu akuyezedwa, ndinadikira phala likugawidwa, dzuwa linafika pamtengo wa mango, koma chitsulo chinali chokhachokha. Ndiye ndinaona amuna awiri azovala zapulasitiki akutulutsa machira okutidwa pakhomo la wodi ya abambo.

Ndinaimba foni nthawi yomweyo. Mutinta anayankha mosangalala kuti atate anatuluka dzulo masana, ali kunyumba, ndipo n'chifukwa chake ankandiimbira. Ndinati awapatse foni. Anati, "Bagona, ba Esinati. Bali bwino, bapumula chabe." Ndinazimitsa foniyo n'kuiponya pansi pa kakabati.

Ndinavula chipulasitiki chija n'kutsika pabedi. Ndinkafuna kukaona ndekha, kaya m'wodi kaya kumotchale. Ndinadutsa bedi loyamba, lachiwiri, ndipo pa lachitatu ndinagwa pansi. Anandinyamula anesi awiri. Sista anabwera ndi buku la wodi ya abambo lili m'manja, n'kundiwerengera kuti a Mbewe, atate anga, anatulutsidwa Lolemba, ndipo machira amene ndinaona anali a munthu wina. Ndinamuuza kuti nayenso amuphunzitsa bwino. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, ine si wa gulu lanu lozonda odwala. Pano timanena zimene zilipo." Sindinamukhulupirire. Ndinali nditanamiza odwala ambiri ndi nkhope yoongoka ngati yakeyo, ndiye ndinkadziwa kuti nkhope si umboni.

Tsiku limenelo sindinadye, sindinamwe, ndipo ndinakana kugona chafufumimba. Ndinatembenukira kukhoma. M'mutu mwanga ndinkaona zonse mwadongosolo, chifukwa mwambo wake ndinkaudziwa: awaika mawa m'mawa anthu ochepa, amayi azinditumizirabe phala, ndipo tsiku lotuluka adzandikhazika pampando n'kuyamba ndi pemphero. Ndinakwiyira Mutinta, ndinakwiyira azakhali a kumaliro aja, koma kwambiri ndinadzida ndekha. Madzulo dokotala anayeza mpweya wanga n'kupukusa mutu. Anati mapapo ayamba kuchira, koma ngati ndasankha kusiya, mankhwala sangandikakamize.

Lachitatu cha m'ma teni koloko Sista anabwera n'kukweza kumutu kwa bedi langa popanda kundipempha. Anati ndiyang'ane kumpanda. Ndinamva pambuyo pake kuti anapempha chilolezo kwa dokotala, n'kuimbira Mutinta pafoni yakeyake. Pakamsewu kafumbi kaja panaima takisi, magalasi onse ali otsitsa. Chapatali panaima amayi asanu a kumpingo, motalikirana, aliyense ndi masiki yake. Chitseko chakumbuyo chinatseguka, inayamba kutuluka ndodo, kenako chijasi chakuda chimene atate amavala ku Mgonero. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anagwira waya. Kumaso kwawo kunali nkhanga za amayi, zingwe zofiira zitamangidwa mopotoka kumbuyo.

Sankandiona. Ankayang'ana windo lolakwika, mpaka Sista anamasula masiki yanga n'kuikupiza panja. Pamenepo anakweza ndodo m'mwamba n'kukuwa ndi mawu awo a kufakitale aja, oti chipatala chonse chinamva.

"Esinati! Akuti ukukana kudya! Ukufuna ndikuike m'manda ine? Idya, chitsiru iwe!"

Wodi yonse inaseka, ndipo kuseka kunasanduka kutsokomola bedi ndi bedi, mpaka Sista anatikalipira tonse. Ine ndinalira monga sindinalirepo chimwalirire amayi. Chipulasitiki chinadzaza nthunzi moti sindinaone pamene anabwerera m'takisi. Ndinapempha phala la m'mawa lija, linali litauma pamwamba, ndipo ndinalimaliza lonse.

Kuchira kunabwera pang'onopang'ono. Lachisanu anandibwezera pa tipaipi ta m'mphuno. Kenako anayamba kuchepetsa okosijeni, n'kumandichotsa ola limodzi, mawa lake maola atatu, akuyang'ana nambala. Tsiku limene ndinayenda kuchoka pabedi mpaka pakhomo la wodi popanda paipi, ndinagwira chitseko ngati ndafika ku Lusaka wapansi. Ndinatuluka Lachitatu la sabata yotsatira, nditagona masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Atate, nkhalamba ya shuga imene ndinkaiopera, anagona masiku asanu ndi limodzi. Ndinafunsa dokotala kuti zatheka bwanji. Anati matendawa sachita mofanana mwa anthu onse, koma chimodzi chimene angandiuze n'chakuti atate anafika tsiku loyamba, ine ndinafika lachisanu ndi chimodzi.

Kunyumba ndinapeza makina anga ali pakhonde, ataphimbidwa ndi thumba. Amayi a kumpingo anawatulutsa, anawapukuta ndi jiki, n'kumasinthana kusoka potsatira chipepala changa chodulira. Mizere ina inali yokhotakhota moti ndinachita kuluma mlomo, koma anali mamasiki a nsalu zitatu. Ankawaika m'dengu pakhomo la siwa pamaliro aliwonse, ndipo amayi Zulu ankaima pomwepo kuti aone amene anganene za kunyansidwa. Masabata atatu otsatira sindinayatse mbaula. Chakudya chinkabwera pampando wa pakhonde, madzi ankatitungira, ndipo Mutinta ankasiya repu pampanda m'mawa uliwonse. Anthu amene ndinkaopa kuti andiseka ndi amene anasunga moyo wa atate. Kuseka anandiseka ndithu, koma anadikira kaye kuti ndinenepe. Kwa Mutinta ndinapepesa chifukwa cha mawu a pafoni aja, iye n'kundiyankha kuti munthu wotukwana choncho anadziwiratu kuti safa.

Lero ndili bwino, ngakhale si monga kale. Ndinatha miyezi inayi ndisanathe kupalasa makina ola lathunthu. Tsitsi linathothoka n'kumeranso. Fungo linabwerera mwa theka, moti sopo ndimamumva koma nsomba ikamapserera amandiuza ndi atate. Kukazizira chifuwa chimandikumbutsa, ndipo ndikakwera kamtunda kochokera kumsika ndimaima kamodzi. Katemera tinabayitsa tonse awiri nthawi yathu itakwana. Gulu lozonda odwala ndikulitsogolerabe, koma lamulo lija ndinalithetsa, ngakhale amayi ena achikulire sanakondwe nazo. Timasankha nthawi ndi mawu, timapita awiri, timafunsa kaye adokotala, koma sitinamanso. Bodza lachikondi lija linatsala pang'ono kundipha tsiku limene anthu ankandiuza zoona. Mayi amene ndinamunamiza za mwamuna wake uja ndinapita kukamupepesa. Anandiuza kuti anadziwa tsiku lomwelo, ndipo anangokhala chete kuti asatichititse manyazi.

Kwa inu amene mukumva kukanda kukhosi, kutentha thupi kapena kubanika, kaya ndi kolona kaya ndi china, musadzipime nokha ndi mapiritsi a m'kabati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pitani kuchipatala mukadali ndi mpweya woyendera nokha, ndipo uzani mnansi wanu, chifukwa amene mukumubisirayo ndi yemwe adzakunyamuleni. Ngati muli ndi wokalamba m'nyumba, musaganize kuti mukumuteteza podzitsekera naye. Ndipo masiki yanu musaivulire munthu chifukwa choti wakuchititsani manyazi.

Atate tsopano akuyenda ndi ndodo ziwiri, ndipo wobaya jakisoni ndinenso. Masiki ya nkhanga ija inasuluka, zingwe ndasinthapo kawiri, koma imakhalabe m'thumba la chijasi chawo. Mwezi wathawu ndinatsokomola kawiri ndili pamakina. Ndinamva ndodo zikubwera kuchokera kuchipinda. Anaima pakhomo atamanga kale masiki yawo, yanga ili m'manja, n'kundifunsa kuti lero ndi tsiku lachingati. Ndinati loyamba, atate, ndi fumbi la nsalu chabe. Anati, "Loyamba ndiye labwino. Dzuka, tizipita."

Ndinatseka makina, ndipo tinapita.